Ng'anjo Zofuka Popanda Nsomba

Anthu akamakamba za chaka chomwe nyanja ya Chilwa inaphwa, amayamba ndi kuusa moyo kenako n'kupukusa mutu. Ine ndikachikumbuka ndimayamba ndi kuseka. Njala inalipodi, sindikukana, nanenso siketi ya yunifolomu ndinkachita kuimanga ndi luzi kuti isandivulire pamsewu. Koma chikhalireni changa sindinaonenso chaka chokoma ngati chimenecho. Dzina langa ndine Tiyanjane, nthawiyo ndinali Folomu 1, ndipo aphunzitsi anali atandipatsa kale mpando wakutsogolo, osati chifukwa cha nzeru.

Okutobala

Kwathu ndi Padoko. Ife timapatchula kuti tauni, a ku Songani azisekabe. Msewu ndi umodzi, wafumbi, ndipo umakathera m'madzi. Mbali iyi kuli tchalitchi, mbali iyo mzikiti, pakati pali mjigo, chigayo, tiyirumu ndi kanyumba koonetsa kanema. Kumunsi kwenikweni kuli ng'anjo zowambira mlamba, zandondomeka m'mbali mwa gombe. Nsomba zikamafa, anthu amachuluka kuposa nyumba. Amabwera a ku Phalombe, a ku Mulanje, a ku Mangochi, ena kugona pakhonde, ena pansi pa bwato. Pamjigo umamva Chilomwe, Chiyao ndi Chinyanja mkangano wake umodzi womwewo.

Chaka chimenecho madzi anayamba kubwerera chafutambuyo ngati mkamwini wakumana ndi apongozi panjira. Lero ali apa, mawa ali apo, mkuja sukuwaonanso. Mabwato anatsala ali gadaa pamatope, matopewo n'kuuma, n'kung'ambika ming'alu yolowa phazi. Mwezi usanathe, anthu ankapita ku chilumba cha Chisi pa njinga.

Alendo ndi amene anayamba kuchoka. Kenako anatsatira eni mudzi. Tsiku lililonse lole inkanyamuka itadzaza amuna ndi maukonde, ena a kunyanja ya Chiuta, ambiri a kunyanja ya Malombe kukakoka makoka a eni. Ababa anga, a Muhiwa, anakwera Lachisanu lina. Anandiloza chala ali kale pamwamba pa lole.

"Iwe, ndisadzamve mbiri yako."

"Simudzamva, ababa," ndinayankha mwaulemu, manja kumbuyo.

Novembala

Apa ndi pomwe tauni inakoma. Amuna amene anatsala unkatha kuwakhazika pa benchi imodzi: Che Bwanali oitanira swala kumzikiti, a mwendo wopuwala, akatekisiti athu omwe makutu anawathera kalekale, ndi mwini chigayo, amene naye anakhoma loko ataona kuti palibe chogaya. Otsala tonse tinali amayi, ana ndi agalu.

Amayi anga, amene chibadwire anali asanakhalepo pansi mu tiyirumu, anayamba kukhalamo masana onse ndi Abiti Saidi, anzawo a khomo loyandikana. Tiyi munalibe, koma munali bawo losiyidwa ndi amuna. Ankasewera atakwinya zitenje, kumenya njombwa mwamphamvu, kutukwanizana ngati asodzi.

"Mwagona, Abiti! Tsiku lina mudzagona ndi mbuzi zomwe!"

"Dikirani, mayi a Tiya, mwaiwala kuti bawoli n'lachikhalidwe chathu? Inu pitani mukavine tchopa."

Kutchalitchi kwaya inalibe besi. Ine ndinapeza mankhwala ake: ndinkaimba nditalowetsa mutu m'ndowa kumbuyo kwa benchi. Akatekisiti anayamika Mulungu poyera kuti mwamuna mmodzi wabwerera. Kumzikiti nako Che Bwanali ankaitana Lachisanu ndi mawu onse, n'kubwera tianyamata ta mamina m'mphuno.

Mnzanga wa pamtima anali Mariamu, mwana wa Abiti Saidi, wankhope yofatsa ngati sadziwa kanthu, chonsecho ndi amene ankandigwirira makwerero pa chilichonse. Tikaweruka kusukulu tinkakhala m'bwato la ababa pakati pa nyanja youma, ine ndi mponda, ndodo yaitali yoyendetsera bwato, m'manja, kumapalasa fumbi. Wanjinga akamadutsa wa ku Chisi tinkakuwa kuti, "Achimwene, samalani, mumira! Pamenepo m'pakuya!" Wina anachitadi kukweza miyendo. Mpira tinkasewera pomwe kale pankafa nsomba za makumba, bwalo lopanda malire, popanda mnyamata wotiuza kuti atsikana azikhala pagolo.

Disembala

Mvula inagwa kamodzi, yabwino, tonse n'kuthamangira kumunda ndi chimanga. Chinamera, chinafika m'kakolo, dzuwa n'kuchiwotcha. Tinabzalanso, chinapsanso. Apa amayi anati chimanga achileke, chiyembekezo chatsala ndi mpunga.

Mbewu anali ataibisa mumtsuko womata ndi dothi, kudenga, kuopa ife ndi mimba zathu. Anaifesa pa nazale kuseri kwa mjigo, pomwe pamayenderera madzi otayika, n'kutchingira ndi minga. Amayi ena onse anachita chimodzimodzi. M'mawa uliwonse tinkathirira ndi ndowa, ndipo mbande zinatuluka zobiriwira moti munthu wanjala unkalakalaka kuzithyola ngati ndiwo.

Kumsika wa ku Songani chimanga chinasiya kugulitsidwa pa ndowa. Chinatsikira pa mbale, kenako ufa wa m'timapepala tomwe ungabise m'chibakera. Amene anapita ndi mbuzi anabwerako ndi kathumba kokwana pakaliyala, malo n'kutsalako. Mphekesera ndiye zinali zaulere. Ena ankati nyanja yagulitsidwa kwa azungu ndipo aikokera kwawo ndi mapaipi. Ena ankati mizimu ya ku Chisi yakwiya chifukwa cha kanema. Ine ndinawonjezerapo yanga, yoti pansi pa matope papezeka lole yathunthu ya sopo, ndipo inazungulira sabata yonse n'kudzandipeza itakula, sopo atasanduka shuga.

Khirisimasi tinadya mango owiritsa. Ababa anatumiza utaka wouma wa m'kapepala ndi moni.

Januwale

Mwezi uwu sindiuseka kwambiri. Kudya kunali kamodzi, dzuwa likapendeka. Gaga yemwe kale tinkapatsa nkhuku anakhala wa alendo. Tinkakumba nyika, timizu ta maluwa a m'madzi, m'mathawale otsala, ndipo amayi anatulutsa kalongonda. Amene sakumudziwa kalongonda adziwe kuti ndi nyemba ya Alomwe yofuna ulemu: umaiphika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Ukaithamangira imakuzunguza mutu. Abiti Saidi, amene kale ankati chimenecho n'chakudya cha anthu osaopa imfa, anabwera ndi kambale.

"Mayi a Tiya, tandiphunzitsani poizoni wanu uja."

Thandizo linabwera kamodzi, chimanga pang'ono, nandolo ndi kabotolo ka mafuta. Tinadya sabata ziwiri ngati anthu, n'kubwerera ku kalongonda.

Kenako kumwamba kunang'ambika. Mvula inagwa masiku otsatizana, mitsinje yochokera kuphiri la Zomba inasefukira, kamlatho ka pamsewu wathu kanakokoloka. Padoko panasanduka chilumba: wofuna kufika ankayenera kuvuula m'madzi a m'chiuno kuchokera kumtunda kwa Mwambo. M'nyanja munabwerera timadzi ta m'mawondo, tofiira, topanda ngakhale kamtemba kamodzi. Koma dambo la mpunga linakhuta, ndipo nthawi yowokera inakwana.

Vuto linali makande. Dothi la dambo lathu ndi lolemera ngati ngongole ya maliro. Musanawokere pamafunika kutipula, kuswa zibuma, kukweza migula yosunga madzi, ndipo zaka zonse ntchito imeneyi ankagwira ndi amuna, amayi n'kumatsatira ndi mbande. Tinayesa tokha. Amayi anatipula kadera kokwana mphasa zitatu, n'kukhala pansi m'matope momwemo, maso ali gwa. Munthu wodya kalongonda kamodzi patsiku sangalimbane ndi makande. Kunazale mbande zinali kutalika, ndipo aliyense akudziwa kuti mbande ikayamba mfundo, ngakhale uiwokere mopemphera, sibereka. Zikanapitirira, mbewu inali itatha, ndipo njala ikanagona kwathu chaka chachiwiri.

Amayi anatchajitsa kafoni kawo pa sola ya kumzikiti n'kuimbira ababa. Ine ndinali pambali, khutu lili tcheru.

"Bambo a Tiya, mbande zikupitirira. Bwerani mudzatipule, ngakhale sabata ziwiri zokha."

"Mayi a Tiya, ine ndine msodzi. Ndikachoka kuno, malo anga pakhoka alowapo wina. Ndibwere kudzadya chiyani kumeneko?"

"Nanga chaka chamawa tidzadya chiyani?"

"Limbikani pang'onopang'ono. Nsomba zikangoyamba kufa kumeneko, tsiku lomwelo ndili pa lole."

Amayi ena onse anayankhidwa zofanana, ngati amunawo anachita kugawana mawu.

Febuluwale

Ababa anali atanena okha chimene chingawabweretse. Ine ndinangowamvera.

Kwathu nkhani ya nsomba siyenda ndi pakamwa, imayenda ndi utsi. Ng'anjo zikafuka, ogula nsomba amauona ali kumtunda, ndipo safunsa munthu. Amangomanga madengu panjinga. Utsi wa Padoko sunanamepo chiyambire, chifukwa palibe wamisala amene angawononge nkhuni kuwamba mphepo. Wamisalayo anali asanabadwe, kapena tinene kuti zaka zonsezo anali akadali ku pulayimale.

Ndinamuuza Mariamu tikuchokera kotunga madzi.

"Aise, ababa ako ukuwafuna?"

"Ndiye ukawatenga pa ndege?"

"Bweretsa machesi Loweruka m'mawa. Ndi chikwakwa."

Anandiyang'ana ndi nkhope yake ya mngelo ija. "Tikamenyedwa, uyambe ndiwe."

Tinamweta njedza, udzu wautali wa m'nyanja, wouma pang'ono ndi wauwisi wambiri. Tinasonkha ng'anjo yoyamba, yachiwiri, mpaka mzere wonse. Chimene sindinachiganizire n'chakuti mawaya a ng'anjozo anali atamwa mafuta a mlamba zaka ndi zaka. Atangotenthedwa, fungo linabuka, fungo lenileni la mlamba wonona. Agalu onse a Padoko anafika akuthamanga. M'mimba mwanga munalira mokweza moti Mariamu anacheuka. Utsi unakwera tolo, woyera, wonenepa, mphepo n'kuukankhira kumtunda.

Amayi anatipeza tili pa ng'anjo yomaliza, maso ofiira, nkhope zakuda. Kumbuyo kwawo kunali Abiti Saidi ndi amayi ena, ena atanyamula mbale. Mbalezo zinandimvetsa chisoni pang'ono, pang'ono pokha.

"Tiyanjane! Nsomba zili kuti?"

"Kulibe, amayi."

"Ndiye ukuwamba chiyani, mfiti iwe?"

"Ndikuitana ababa."

Ndinatseka maso kudikira khofi. Silinabwere. Nditatsegula, amayi anali akuyang'ana utsi, kenako kumtunda, kenako Abiti Saidi. Kafoni ka m'chitenje mwawo kanayamba kulira. Anakatulutsa, anaona dzina la ababa, anatsegula kumbuyo n'kuchotsa batire.

"Abiti, yanu ili ndi moto?"

"Yangotha pompano," anatero Abiti Saidi akuchotsa yawo.

Amayi anatembenukira kwa ine. "Njedza wouma wachuluka uyu, akuyaka m'malo mofuka. Tawaza madzi. Ngakhale kunama komwe sudziwa?"

Kuyambira tsiku limenelo ng'anjo zinali m'manja mwa eni ake. Ankasonkha m'mawa uliwonse mwaluso, ngati pali mlamba wa ukwati. Mafoni onse a Padoko anafa tsiku limodzi. Che Bwanali anafunsidwa kuti azimitse yawo, ndipo anati iwo bodza sanena, koma foni ikagwera mumtsuko si mlandu wawo.

Zinachitika kumtunda tinazimva pambuyo pake. Ogula nsomba a ku Songani anafika pa kamlatho kokokoloka, anaona utsi, ena akuti anamva ndi fungo lomwe. Polephera kuwoloka ndi njinga, anaimbira asodzi ku Malombe kuwafunsa kuti bwanji akubisa. Asodziwo anaimbira akazi awo, mafoni osalowa. Anamasulira okha: akazi atanganidwa ndi kuwamba, ndipo pali anzathu ena amene afika kale mwakachetechete.

Msodzi ali ndi nthenda imodzi. Akamva kuti nsomba zikufa penapake, sauza mnzake, ngakhale wa mimba imodzi, kuopa kulandidwa malo abwino otchera. Ndiye aliyense ananyamuka mozemba. Ababa anauza bambo a Mariamu, amene ankagona nawo chisakasa chimodzi, kuti akupita kuchipatala kukachotsa dzino. Bambo a Mariamuwo anati iwo akukaona mlamu wawo wodwala. Anakakumana pa lole imodzi ku Liwonde, aliyense ukonde uli pamutu, pamodzi ndi theka la amuna a Padoko. Akuti ulendo wonse panalibe wofunsa mnzake za dzino.

Anafika masana, akuvuula m'madzi, maukonde pamutu, mzere ngati nyerere. Ana tinawathamangira tikukuwa. Iwo sanatione n'komwe, maso anali pa ng'anjo. Ababa anafika pa yathu, anasuzumira, anaona mawaya ali mbee. Anasuzumira ya Abiti Saidi. Anayang'ana kunyanja, kopanda bwato ngakhale limodzi loyandama. Ukonde unatsika wokha pamutu.

"Mayi a Tiya. Nsomba zili kuti?"

Amayi anagwada bwinobwino, mwaulemu wonse. "Mwayenda bwanji, bambo a Tiya? Mwaonda."

"Ndikufunsa nsomba!"

"Zikubwera. Zamva kuti eni ake kulibe, ndiye zikuchita manyazi."

Phokoso linabuka gombe lonse. Wina ankati wagulitsa foni kuti apeze thiransipoti, wina ankati wasiya malo pakhoka la bwana wabwino. Bambo a Mariamu anavula chipewa n'kuchiponya pansi.

"Wayambitsa zimenezi ndani? Atuluke!"

Ine ndinatuluka. Ndinaima patsogolo, chifuwa chili nganganga. "Ndine! Ndi Mariamu, koma nzeru ndi zanga!"

Mariamu anali atazimirira kale kuseri kwa amayi ake. Ababa sanandiyang'ane n'komwe.

"Choka apa iwe, nkhani za akuluakulu izi. Mwana angaganize zimenezi? Izi ndi za amayi akowa ndi anzawo a pabawo."

"Ababa, ndithu ndine!"

"Ndati choka!"

Ndinayang'ana amayi kuti andichitire umboni. Iwo anali atalowa kale m'nyumba, n'kutuluka ndi khasu. Analiimika pafupi ndi phazi la ababa.

"Poti mwafika kale, ndipo ndalama yobwererera mulibe."

Ababa analowa m'nyumba, khasu n'kulisiya pomwepo. M'mawa mwake ndinadzuka khasu palibe. Nditafika kudambo ndinapeza amuna ali mbwee, aliyense m'munda mwake, akutema makande ngati akutema mdani. Ukali ndi feteleza wabwino. Ntchito imene ikanatenga mwezi inatha mofulumira, ife tikutsatira m'mbuyo ndi mitolo ya mbande, kubaya chala m'matope, kuika, kubaya, kuika, msana ukuwawa, amayi akuimba nyimbo zonyoza amuna motsitsa mawu. Mbande zina za m'mphepete mwa nazale zinali zitayamba kale mfundo, tinazitaya. Zambiri tinazipeza zikadali bwino.

Malichi ndi Epulo

Si onse anabwera. Amuna a achemwali ena a kuseri kwa chigayo sanaoneke, ndipo pambuyo pake zinamveka kuti apeza banja lina konko. Munda wawo tinawokera tonse Loweruka lina, Akhirisitu ndi Asilamu.

Njala inakula chifukwa pakamwa panachuluka. Amuna ankatchera mbalame m'njedza ndi kukumba milamba yobisala m'matope, zomwe zinatithandiza kufika pa maungu. Tiyirumu anailandanso, bawo analandanso, kwaya inapeza besi yeniyeni ndipo ndowa yanga inabwerera kumjigo. Kunena zoona, ndinayamba kudandaula kuti ndinawaitaniranji. Ababa anakhala sabata zingapo akulankhula ndi amayi kudzera mwa ine: "Uwauze amayi ako kuti mchere wachepa." Ine ndinkafikitsa uthengawo nditaukonza pang'ono: "Akuti mwaphika bwino, ndipo akupepesa."

Mpunga utabereka, ntchito yanga inali kuingitsa mpheta. Ine ndi Mariamu tinkakhala pachiulu kuyambira m'mawa ndi zitini za miyala, kukuwa mpaka mawu kusasa, dambo lonse likusanduka lachikasu pamaso pathu, phiri la Chisi lili buluu patsidya. Masiku amenewo ndimawasowa kuposa china chilichonse.

Meyi

Tinamweta, tinapuntha, tinapeta. Mpunga woyamba amayi anausinja mumtondo tsiku lomwelo, ndipo tinaudya wopanda ndiwo, ndi mchere wokha, aliyense ali chete ngati m'tchalitchi. Matumba anadzaza chipinda cha makolo, anasefukira pabalaza pomwe ndinkagona ine, moti mphasa yanga inasowa malo. Anandiuza kuti ndiziyala pamwamba pa matumba.

Ogula a ku Songani anabweranso, ulendo uno ndi masikelo. Ababa anagulitsako pang'ono, n'kupita kumsika okha osauza munthu. Pobwera anatulutsa chitenje chatsopano m'jumbo, n'kuchiika pamiyendo pa amayi, ine ndikuona ndili pamwamba pa matumba.

"Ine ndinakwiya, mayi a Tiya, sindibisa. Koma pakanapanda utsi uja, bwenzi pano tikupempha."

"Ababa," ndinatero, "utsi uja..."

"Iwe ukhale chete, uziphunzirako. M'nyumba muno wanzeru ndi amayi akowa. Iwe zako ndi zopusa basi, zolowetsa mutu m'ndowa."

Ndinatembenukira kwa amayi. Uwu unali mpata wawo wonena chilungamo, mayi wa mapemphero, wosajomba kutchalitchi. Anatambasula chitenje chija, anachiyang'ana kuwala, anachiyesa m'chiuno, n'kuusa moyo modzichepetsa.

"Aaa, bambo a Tiya, n'kuganizako pang'ono chabe."

Ndinagona chagada pa mpunga wanga, denga lili pafupi ndi mphuno, mimba itakhuta, ndikuganiza za kuipa kwa mbava zoba nzeru za eni.